Safunsa Anadya Phula, Nanga Wosafunsidwa?

Pa tchuthi chachikulu chapitachi ndinali kwa azakhali anga ku Ndirande, cha kumtunda kufupi ndi phiri. Tsiku lina m'mawa mwana wawo wa zaka 9 anadzuka thupi lili moto, mutu ukuwawa, m'mimba mukupota. Linali tsiku lachinayi chiyambire kudandaula. Azakhali amagulitsa tomato ndi anyezi mumsika, ndipo tsiku limene sanapite kukayala malonda ndiye kuti kunyumba sikufuka utsi. Anamasula pa nsonga ya chitenje nandipatsa ndalama. "Iwe, thamanga ukagule makapisozi a amoxicillin asanu ndi limodzi. Awiri ummwetse pompano, ena madzulo. Ine ndachedwa."

Ndinayamba kulowa mu famase ina ya m'mbali mwa msewu waukulu. Mayi amene anali kuseri kwa kauntala sanatambasule dzanja kuti alandire ndalama. Anayamba mafunso. "Akudwala ndani, achimwene? Ali ndi zaka zingati? Wayamba liti? Mwamuyezetsa malungo? Wamwa kale chiyani? Buku lake la kuchipatala lili kuti?" Nditayankha zimene ndinkadziwa, anapukusa mutu. "Pepani, amoxicillin sindikupatsani. Mwana wotentha thupi masiku anayi afunika ayezedwe magazi. Tengani Panado uyu, ndikuuzani mlingo wake, koma mupite naye kuchipatala lero lomwe."

Ndinatuluka nditakwiya, ndikunena chamumtima kuti mayi ameneyu ngwamatama. Pafupi pomwepo panali kasitolo kena. Mnyamata wa m'menemo ananditcha abwana, nawerenga makapisozi asanu ndi limodzi, nawakulunga m'kapepala kong'amba m'kope. Sanafunse ngakhale funso limodzi. Ndinamuthokoza ndi mtima wonse.

Patapita masiku atatu mwana uja anagonekedwa m'chipatala. Madokotala anati ndi tayifodi. Anachira, koma azakhali anakhala masabata awiri osagulitsa, ndipo tomato amene anali atapikula anaolera m'dengu.

Kuchokera pamenepo ndakhala ndikulingalira za anthu awiri aja. Amene ndinamuthokoza ndiye anatipweteka, amene ndinamunyoza ndiye anatiuza zoona. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo mwambi umenewu timaunena kwa wogula. Koma pa nkhani ya mankhwala, wodwala angathe kudya phula chifukwa chakuti wogulitsa sanamufunse. Maganizo anga ndi akuti ntchito yeniyeni ya munthu wa pa windo la mankhwala ndi kufunsa, kufotokoza, ndipo pena kukana. Ife a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi madera ena otere tazolowera kumuyesa wa golosale, ndipo chizolowezi chimenechi chikutidyera ndalama ndi miyoyo.

Poyamba tidziwe kuti munthu ameneyu ndani. Katswiri wa mankhwala, amene pa Chingerezi amati pharmacist koma ife timangoti a ku famase, amaphunzira zaka zingapo ku yunivesite za m'mene mankhwala amapangidwira, m'mene amayendera m'thupi, mlingo woyenera mwana ndi wamkulu, ndi mankhwala amene sagwirizana akamwedwa pamodzi. Dokotala ndiye amapeza matenda nalemba mankhwala. Wa ku famase ndiye womaliza kuona chimene chalembedwacho chisanalowe m'kamwa mwa wodwala. Ngati dokotala wotopa walembera mwana mlingo wa munthu wamkulu, palibenso wina wogwira cholakwacho kupatula iyeyu.

Kuno kwathu akatswiri oterewa anayamba kuphunzitsidwa mochedwa. College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, koma maphunziro a digiri ya za mankhwala anayamba mu 2006. Kale lonselo aliyense wofuna ntchitoyi ankapita kukaphunzira kunja, ndipo anali owerengeka. Lero maphunzirowa ali pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, imene inayamba mu 2021. Palinso ena a madipuloma ndi masatifiketi ochokera ku Malawi College of Health Sciences. Kuyambira cha mu 2013 koleji imeneyi, mothandizana ndi bungwe la VillageReach, inayamba kuphunzitsa kwa zaka ziwiri othandiza pa za mankhwala oti azikagwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono, chifukwa m'zipatala zambiri zotere amene ankapereka mankhwala anali anthu amene sanaphunzire ntchitoyo. Lamulo nalo lilipo. Mu 1988 kunakhazikitsidwa lamulo la Pharmacy, Medicines and Poisons, ndipo mu 2019 linalowedwa m'malo ndi lamulo limene linabweretsa bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, PMRA mwachidule. Mwa lamulo, amoxicillin ndi mankhwala oyenera kugulitsidwa kwa munthu amene ali ndi chikalata cha dokotala basi.

Tsono taonani zimene ofufuza anapeza mumzinda mwathu muno. Mu 2018 a Ibrahim Chikowe, a ku nthambi ya za mankhwala ku College of Medicine, pamodzi ndi anzawo a ku yunivesite ya Notre Dame ku America, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wosavuta kumva. Anatuma anthu onamizira kuti ndi ogula wamba kuti akagule amoxicillin m'mafamase 22 ndi m'masitolo a mankhwala 23 a mu Blantyre. Anthuwo anabwerako ndi mapaketi 42. Atawayeza mu labotale, anapeza kuti onse anali amoxicillin weniweni, wa mlingo wokwanira. Panalibe wachinyengo ngakhale mmodzi. Koma ogulitsa 95 pa 100 alionse anagulitsa osafunsa chikalata cha dokotala. Pa mapaketi atatu alionse, imodzi yokha ndiyo inali ndi tsiku losonyeza nthawi imene mankhwalawo athere mphamvu. Ambiri anali atachotsedwa m'mabokosi awo, opanda kapepala ka malangizo.

Zimenezi ziyenera kutidzidzimutsa. Ambirife tikamva za ngozi ya mankhwala timaganiza za mankhwala achinyengo, ufa wa chinangwa wotsekeredwa m'kapisozi. Inde alipo otero. Bungwe la WHO linanena mu 2017 kuti m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, mankhwala amodzi mwa khumi alionse amakhala osakwanira mphamvu kapena achinyengo, ndipo mu 2022 ana pafupifupi 70 anamwalira ku Gambia atamwa mankhwala amadzi a chifuwa amene anali ndi poizoni woononga impso. Kuno kwathu a Felix Khuluza ndi anzawo anayeza zitsanzo 155 za mankhwala a malungo ndi maantibayotiki ochokera m'malo 31 a m'chigawo cha kumwera, nafalitsa zotsatira mu 2017. Zisanu ndi ziwiri zinali zosayenera, ndipo zisanu ndi chimodzi mwa izo zinachokera kwa ogulitsa paokha. M'zipatala za boma ndi za mishoni anapezamo chimodzi chokha. Choncho vuto la mankhwala oipa lilipo ndipo lifunika maso. Koma kafukufuku wa amoxicillin uja akutiuza chinthu china chowawa kwambiri: kapisozi angathe kukhala wabwino ndithu, koma kupweteka munthu chifukwa dzanja limene lamupereka silinafunse kanthu.

Makapisozi amene ndinagula ine mwina anali abwino. Nanga analephera bwanji? Yankho lili m'mbiri ya tayifodi mu Blantyre. Pakati pa 1998 ndi 2010, ku chipatala cha Queen Elizabeth, chimene agogo athu amati ku Gulupu, ankapeza odwala tayifodi otsimikizika pafupifupi 14 pa chaka. Kuyambira mu 2011 chiwerengerocho chinakwera, ndipo mu 2014 chinaposa 700. Mtundu wa kachirombo umene unafala pa nthawiyo sumva mankhwala atatu amene kale ankachiza tayifodi: amoxicillin, chloramphenicol ndi cotrimoxazole, amene tonse timawadziwa ndi dzina lakuti Bactrim. Ndirande inali m'gulu la madera okhudzidwa kwambiri, ndipo n'chifukwa chake mu 2018 katemera watsopano wa tayifodi anayesedwa pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa. Katemerayo anateteza ana pafupifupi 8 mwa 10 alionse, ndipo mu 2023 anayamba kuperekedwa m'dziko lonse. Mayi wa ku famase uja ayenera kuti ankazidziwa zonsezi pamene ankandikaniza. Ine ndinangoona matama.

Sindikunena kuti mnyamata wa m'kasitolo ndiye anabweretsa tayifodi wosamva mankhwala. Mtundu umenewu unachokera kutali, cha ku Asia, ndipo umafala kudzera m'madzi ndi m'zakudya zodetsedwa. Aliyense amene anaonapo mtsinje wa Nasolo m'nyengo ya mvula, ndi zimbudzi zimene zili m'mphepete mwake, adziwa kuti nkhani ya ukhondo ndi madzi ndi yaikulu kuposa kauntala ya munthu mmodzi. Komabe tizirombo timaphunzira kulimbana ndi mankhwala pamene takumana nawo kawirikawiri, mopanda chifukwa kapena mwa mlingo wopelewera. Alexander Fleming, amene anatulukira penicillin, anachenjeza kale za zimenezi pamene ankalandira mphotho ya Nobel mu 1945. Makapisozi awiri a chimfine lero, atatu a m'mimba sabata ya mawa, ena osungunulira nkhuku m'madzi: zonsezi ndi sukulu ya tizirombo. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome atayenda m'makomo a ku Ndirande ndi ku Chileka atanyamula thumba la mankhwala osiyanasiyana kuti anthu aloze amene amawadziwa, amoxicillin ndi Bactrim anali m'gulu la odziwika kwambiri. Sitinadabwe. Timawadziwa ngati mchere.

Zotsatira zake zikuoneka m'mawodi. A Patrick Musicha ndi anzawo anasanthula zotsatira za magazi a odwala a ku Queens kuyambira 1998 kufikira 2016. Pali kachirombo kotchedwa Klebsiella, kamene kamagwira kwambiri makanda ongobadwa kumene ndi odwala ofooka. Mu 2003, pa tizirombo 100 ta mtundu umenewu, pafupifupi 12 ndito tinali tosamva mankhwala a gulu la ceftriaxone, jakisoni amene madokotala athu amamudalira munthu akafika ali kayakaya. Mu 2016 tinali 90. Kachirombo kena, E. coli, kanachoka pochepera pa 1 kufika pa 30. Mankhwala otsatira pamenepo ndi odula ndipo sapezeka pena paliponse. Mayi amene khanda lake lagwidwa ndi kachirombo kotere sanalakwire munthu, koma akulipira ngongole imene tonse tinakongola.

Pali nkhani ina imene mwana aliyense wa ku Ndirande ayenera kuidziwa, chifukwa inachitikira pakhomo pathu ndipo madokotala a dziko lonse lapansi amaiwerenga. Makolo athu akumbukira m'mene chloroquine ankagulitsidwira m'golosale iliyonse, ena amangomutchula kuti Norolon. Mutu ukawawa, Norolon. Thupi likaphwanya, Norolon. Mapeto ake malungo anasiya kumumva, ana ankamwalira atamwa mankhwala, ndipo mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine ndi kuyamba Fansidar, kapena kuti SP. Patapita zaka 12, mu 2005, a Miriam Laufer, a Christopher Plowe, a Terrie Taylor, a Fraction Dzinjalamala ndi anzawo anachita kafukufuku pa chipatala cha Ndirande ndi ana 210 odwala malungo. Theka anapatsidwa chloroquine, theka SP. Chloroquine, amene tinali titamuika m'manda, anachiza 99 pa 100 alionse. SP, amene anali mankhwala a boma pa nthawiyo, anachiza 21 okha. Mu 2007 dziko linasinthanso ndi kuyamba LA.

Wina asathamangire kukafuna chloroquine chifukwa cha zimene ndalembazi, pakuti boma silinamubwezeretse, ndiponso si mankhwala onse amene mphamvu yake imabwerera motero. Chimene ndikufuna tione ndi chakuti mphamvu ya mankhwala ndi chuma cha mudzi wonse, chofanana ndi chitsime. Ingathe kuphwa, ndipo m'mene timagwiritsira ntchito mankhwalawo muli mbali yaikulu ya kuphwa kwake. Mibadwo iwiri ya mankhwala a malungo yatithera m'manja m'nthawi ya moyo wa makolo athu. LA ndi wachitatu. Munthu wamkulu ayenera kumwa mapiritsi 24, anayi nthawi iliyonse, kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, ndipo amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya chamafuta kapena mkaka. Ndi angati mwa ife amene anauzidwapo za mafutazo? Ndi angati amene amasiya tsiku lachiwiri thupi likazizira, nasungira mnzawo otsalawo? Kufotokoza zimenezi kumatenga mphindi imodzi, ndipo mwini wake wa mphindi imeneyo ndi munthu wa pa windo.

Ngozi sili pa maantibayotiki ndi pa mankhwala a malungo pokha. Munthu amamwa Panado, nawonjeza mapiritsi a chimfine osadziwa kuti m'menemonso muli paracetamol yemweyo, ndipo akachulutsa chiwindi chimaonongeka. Agogo a nyamakazi amameza Brufen kapena Indocid tsiku ndi tsiku m'mimba muli pululu, kenaka tidabwa akusanza magazi kapena impso zitafooka. Womwa Flagyl sayenera kulawa mowa. Amene ali pa ma ARV okhala ndi dolutegravir, amene dziko lathu linayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2019, akayamba mankhwala a TB okhala ndi rifampicin afunika piritsi lowonjezera, ndiponso sayenera kumwera ma ARV awo limodzi ndi mankhwala a chilungulira popanda kufunsa. Bactrim ndi Fansidar amatulutsa zilonda zoopsa pakhungu ndi m'kamwa mwa anthu ena, ndipo munthu amene zinamuchitikirapo sayenera kuwamwanso moyo wake wonse. Mnyamata wa pa okala sangadziwe zimenezi. Si kuipa mtima kwake, sanaziphunzire. WHO inayerekeza mu 2017 kuti zolakwa za pa mankhwala zimaonongetsa dziko lapansi madola 42 biliyoni pa chaka, ndipo maiko olemera nawo ali m'gulu lomwelo.

Kodi katswiri wa mankhwala amasinthadi kanthu, kapena ndi mawu chabe? Ofufuza anayesa. Mu 1999 a Lucian Leape ndi anzawo anafalitsa zimene anapeza pa chipatala china chachikulu cha ku Boston. Anatenga katswiri wa mankhwala, m'malo momusiya m'chipinda chosungira mankhwala, namuyendetsa pamodzi ndi madokotala pamene ankaona odwala a m'wodi ya odwala kwambiri. Ngozi zopeweka zochokera pa kalembedwe ka mankhwala zinatsika ndi 66 pa 100 alionse, ndipo madokotala anavomereza pafupifupi malangizo onse amene katswiriyo anapereka. Kafukufuku wina amene amandisangalatsa kwambiri anachitika ku Los Angeles, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2018. A Ronald Victor ndi gulu lawo ankadziwa kuti abambo akuda a kumeneko sakonda kupita kuchipatala ngakhale ali ndi BP, koma kometa tsitsi salephera. Tsono anagwira ntchito ndi malo ometera 52. Kwina ometa ankangolimbikitsa makasitomala awo kuti akaonane ndi dokotala. Kwina akatswiri a mankhwala ankabwera okha kometerako, kuyeza BP, kupereka mankhwala mogwirizana ndi madokotala, ndi kubweranso kudzaona m'mene zikuyendera. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, nambala ya pamwamba ya BP inatsika ndi 27 kumene kunali akatswiri, ndipo kwinako inatsika ndi 9 yokha. Ndikawerenga zimenezi ndimaona malo ometera amene ali ponseponse kuchokera pa Chinseu kukafika ku Goliyo, ndipo ndimakumbukira kuti kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti Mmalawi wamkulu mmodzi mwa atatu ali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa n'komwe. Los Angeles si Ndirande, ndalama zawo si zathu. Koma nzeru yotengera katswiri kumene anthu amakhala kale ilibe mtengo wodula.

Tsopano ndiyankhe azakhali anga, chifukwa pamene ndinawafotokozera zonsezi sanakhale chete. Anati, "Iwe ukulankhula za kusukulu. Ndikapita kuchipatala ndiyenera kudzuka kusanache, kukhala pamzere mpaka dzuwa pamutu, ndipo pamapeto pake andilembere m'buku nandiuze kuti mankhwalawa kulibe, mukagule. Ndiye ndikagule kuti? Kwa mnyamata yemwe uja. Tsiku latha, tomato sindinagulitse, ndalama yomweyo yatuluka. Ndalakwa chiyani kudula njira?"

Mawu amenewa ndi olemera ndipo sindingawapeputse. Anthu sagula makapisozi awiri chifukwa cha umbuli wokha. Amagula awiri chifukwa ndalama ndi ya awiri. Waganyu amene wagona tsiku limodzi banja lake lagona ndi njala. Kusowa kwa mankhwala m'zipatala za boma ndi nkhani imene manyuzi amalemba chaka ndi chaka, pamodzi ndi nkhani ya kubedwa kwa mankhwala omwewo. Kukana kwa wa ku famase kumene sikutsatiridwa ndi chithandizo china kungathe kukhala nkhanza, ndipo munthu wokanizidwa sapita kunyumba kukalingalira za tizirombo: amangowoloka msewu monga ndinachitira ine. Ndivomerezenso chinthu china chimene akatswiri eni ake sangakonde kumva. M'kafukufuku wa a Chikowe uja, si masitolo ang'onoang'ono okha amene anagulitsa mosafunsa. Mafamase ovomerezeka nawo anali m'gulu la malo amene anayenderedwa, ndipo 95 pa 100 sangakwane popanda iwo. Famase ndi bizinesi, ili ndi lendi ndi antchito ofuna malipiro, ndipo amene wakana kugulitsa wataya kasitomala. Satifiketi yopachika pakhoma payokha siteteza wodwala.

Komabe sindikugonja kwa azakhali. Mwa kuwerengera kwawo komwe, njira yachidule ija inawadyera masabata awiri m'malo mwa tsiku limodzi. Mayi wa ku famase sanangokana, anapereka Panado, ananena mlingo wake, naloza kopita ndi tsiku lopita. Kukana kotereku ndi chithandizo. Chimene chinamugonjetsa ndi chakuti pafupi pomwepo panali wina wogulitsa mosaopa lamulo. Pamenepa ndipo ndikuti a PMRA ndi a khonsolo ya mzinda afunika kugwira ntchito mosakondera ndiponso mosadukiza, chifukwa lamulo logwira ntchito pa ena okha limalanga wokhulupirika ndi kulemeretsa wosasamala. Koma lamulo lokha, popanda mankhwala m'chipatala cha boma ndi munthu wophunzira pa windo lake, lidzangothamangitsira malondawo pansi pa benchi. Ziwirizi ziyenera kuyendera pamodzi. Boma lilembe ntchito akatswiri amene likuwaphunzitsa ndi ndalama za msonkho, ndipo lisawatsekere m'nyumba zosungira mankhwala kuti aziwerenga makatoni. Afike m'mawodi, ndiponso pa windo pakhale nthawi yolankhula. Zipatala za mishoni, zimene pansi pa CHAM zimathandiza gawo lalikulu la odwala a m'dziko muno, zaonetsa kale kuti zimadziwa kusankha mankhwala abwino. Zingathe kutsogolanso pa kufotokozera odwala.

Ife eni ake tili ndi mbali yathu, ndipo siifuna ndalama. Popita ku famase tizinyamula buku la kuchipatala, ndi kunena mankhwala onse amene wodwala akumwa, ngakhale a zitsamba, ngakhale ma ARV amene timachita nawo manyazi. Tisachoke pa windo tisanadziwe dzina la mankhwala, ntchito yake, kamwedwe kake, masiku ake, ndi chizindikiro chimene tikachiona tiyenera kubwerera msanga. Mzere ukhale wautali bwanji, kufunsa ndi ufulu wathu. Ndipo wa ku famase akatifunsa mafunso ambiri, tidziwe kuti tapeza malo oyenera kubwererako.

Abambo ansembe ndi atsogoleri a miphakati amalowa m'nyumba za odwala kuposa dokotala aliyense. Pamutu pa mphasa ya wodwala pamakhala kajumbo kodzaza timapepala ta mankhwala: ena a kuchipatala, ena a kumsika, ena otsala a malemu agogo. Sindikupempha kuti wansembe asanduke dokotala. Ndikupempha funso limodzi lokha: "Kodi mankhwala onsewa anawaonapo pamodzi munthu wodziwa?" Ngati yankho ndi ayi, mwana wa pakhomopo atumidwe nako kajumboko ku famase kapena kuchipatala.

Kwa inu makolo athu, ndinene mwaulemu. Tsiku lotsegulira sukulu, m'sutikesi momwe muli shuga, chiponde ndi sopo, ambiri mumaikamonso makapisozi kuti mwana akadwala asavutike. Tikudziwa kuti n'chikondi. Koma anzanga avomereza chimene chimachitika ku malo ogona: wina akangotsokomola, mnzake amatsegula sutikesi, nakhala dokotala ndi wa famase nthawi imodzi. Ndaonapo mnzathu atapatsidwa Bactrim ndi mnzake chifukwa cha chimfine, m'mawa mwake milomo itatupa. Ngati mwana wanu ali ndi matenda ofuna mankhwala a masiku onse, dziwitsani amene amayang'anira odwala pasukulu, mankhwalawo akhale odziwika. Maantibayotiki a "mwina angadwale" asiyeni. Ifenso amene tsiku lina tidzakhala pakati pa anthu amene adzakhulupirira mawu athu, tiyambe tsopano kuzolowera kunena kuti "sindidziwa, tiye tikafunse."

Tsiku lotsala limodzi kuti ndibwerere kusukulu, ndinapitanso ku famase ija kukauza mayi aja m'mene zinathera, ndi kupepesa ngakhale iwo sankadziwa kuti ndinawanyoza. Sanandikumbukire. Anamvetsera, nafunsa kuti, "Nanga mankhwala amene anam'patsa potuluka m'chipatala, wamaliza onse?" Ndinalibe yankho. Nditafika kunyumba ndinafunsa azakhali. Anatsegula kabati natulutsa kapepala m'kapu ya tiyi. Munali mapiritsi anayi. Anati mwana anali atayamba kale kusewera mpira, ndiye anawasunga kuti adzathandize tsiku lina.